Mwana Wobadwa ndi Bvuto la Mtima Nayenso Asewere

Dotolo akangouza makolo kuti mwana wao anabadwa ndi bvuto la mtima, pakhomo pamakhazikika lamulo limene palibe analilemba, koma aliyense amalisunga koposa malamulo ena onse: mwanayo asathamange, asalumphe, asatumidwe, asalire. Anzake akamacita cidunu kuseri kwa nyumba, iye amakhazikidwa pamphasa pafupi ndi ambuya ake. Akakhala wakhanda, sacoka kumsana. Lamuloli limabadwa m'cikondi ndi m'mantha, ndipo sitingadzudzule mai amene anaonapo mwana wake akubanika pakati pa usiku. Komabe mwezi uno tifuna kunena mosabisa kuti kwa ana ambiri otere, mphasa ija ikuwaonjezera kufooka kwina pamwamba pa matenda amene anabadwa nao.

Ana amenewa si ocepa monga tiganizira. Pa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa mtima wake uli ndi cilema, ndipo ciwerengeroci sicisiyana kwenikweni pakati pa maiko olemera ndi osauka. Ndiye kuti muno m'Kafue, ku Estates, ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'midzi ya asodzi m'mbali mwa mtsinje, ana otere alipo ndithu, ena odziwika, ena osadziwika.

Mtima uli ndi zipinda zinai. Mbali ya kumanja imalandira magazi obwerera kucokera m'thupi niwatumiza ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ocokera ku mapapo niwatumiza m'thupi lonse. Zonsezi zimaumbika m'masabata 8 oyamba a pathupi, nthawi imene amai ambiri asanadziwe n'komwe kuti aima. Nthawi zina khoma la pakati pa zipindazo limatsala ndi ciboo. Nthawi zina njira yopita ku mapapo imakhala yopapatiza, kapena mtsempha umene uyenera kutsekeka mwana akabadwa umakhala citsekukire. Kawirikawiri cifukwa cake sicipezeka, ndipo n'kulakwa kuloza cala mai wa mwanayo kapena nkhalamba ya m'mudzi. Zina zimadziwika: nthenda ya rubella ikagwira mai wapakati, matenda a shuga osasamalidwa bwino, ndi mowa. Pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amakhalanso ndi bvuto la mtima. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wophatikiza cikuku ndi rubella mu 2016, ndipo limeneli ndi khomo limodzi limene tingalitseke tokha. Tisasokoneze matenda obadwa naowa ndi aja amene amaononga mtima wa mwana wamkulupo pambuyo pa zilonda za pakhosi zimene sizinacizidwe. Imeneyo ndi nkhani ya mwezi wina.

Cofunika kucigwira pano n'cakuti zilema za mtima sizilingana. Pali ciboo cacing'ono cimene cimatsekeka cokha mwana akamakula, mwini wake nakalamba osadziwa kanthu. Pali cina cofuna mankhwala ndi kupimidwa kawirikawiri. Ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa anai amakhala ndi cilema cacikulu cofuna opaleshoni m'caka cake coyamba. Kuwaika onsewa pamphasa imodzi kuli ngati kupatsa odwala onse a m'wodi mankhwala amodzi.

Nanga kukhala pansi kumaononga ciani? Minofu ya miyendo ndi manja ndiyo imadya mpweya umene magazi abweretsa. Minofu yozolowera nchito imadziwa kutapa mpweya wambiri m'magazi ocepa, motero mtima suyenera kuthamanga kwambiri kuti uikhutitse. Minofu yongokhala imafota, nilephera kutapa bwino mpweyawo, ndipo pa kanchito kakang'ono imapempha magazi ambiri kwa mtima umene uli kale ndi katundu wake. Onani tsono mmene msampha umachedwera. Mwana akhazikidwa pansi, minofu ifooka. Tsiku lina ayesa kuthamanga, atopa msanga. Makolo aona kutopako nati, "Si uja mtima uja," namkhazikanso pansi. Pakutha pa zaka ziwiri kapena zitatu palibe angathe kusiyanitsa kutopa kocokera ku mtima ndi kutopa kocokera ku mphasa.

Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa. Magazi akatsikira ku mapazi, sabwerera ndi mphamvu ya mtima yokha. Akatumba a m'miyendo, pamene munthu akuyenda, amafinya mitsempha nakankha magaziwo kuti akwere. Kwa ana ena cimeneci ndi nkhani ya moyo weniweni. Alipo obadwa ndi cipinda cimodzi cokha copopa magazi, amene amathandizidwa ndi opaleshoni yochedwa dzina la dotolo wa ku France, Francis Fontan, amene anaifalitsa mu 1971. Mwa ana amenewa magazi amapita ku mapapo popanda cipinda cowakankha, ndipo cimene cimawathandiza kuyenda ndico kupuma ndi miyendo ya mwanayo. Ngati mwana wa cilema cacikulu cotere afunika miyendo yolimba, kuli bwanji wa kaciboo kakang'ono?

Ana eni ake anayamba kale kuphunzitsa madotolo za nkhaniyi. Pali cilema cimene dotolo wa ku Marseille, Étienne-Louis Fallot, anacifotokoza bwino mu 1888, ndipo mpaka lero cimachedwa Tetralogy of Fallot. Mwana wa cilemaci magazi ake ena amalumpha mapapo nalowa m'thupi alibe mpweya wokwanira, motero amabiriwira. Pa khungu lathu lakuda kubiriwirako kumaoneka bwino pa lilime, m'nkhama, m'kati mwa milomo ndi pa zikhadabo. Dotolo wa ana wa ku cipatala ca Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore ku America, mai Helen Taussig, anaona kuti ana otere akasewera pang'ono amaima, nanyonyomala, mawondo ali pacifuwa, ndipo patapita kanthawi amadzuka napitiriza masewera ao. Palibe anawaphunzitsa. Kunyonyomala kumapanikiza mitsempha ya m'miyendo, ndipo magazi ambiri amakakamizika kudzera ku mapapo. Anali mai yemweyo, pamodzi ndi dotolo wa opaleshoni Alfred Blalock ndi Vivien Thomas, munthu wakuda waluso la manja amene sanapeze mwai wophunzira udotolo, amene pa 29 Novembala 1944 anatsegulira ana obiriwira njira yatsopano ya magazi yopita ku mapapo.

Kwa ife makolo phunziro lake n'lapafupi. Mwana wamng'ono amene akusewera mwaufulu, wopanda womkakamiza, amadziwa kuima thupi likamuuza. Mukamuona wanyonyomala pakati pa njira ya ku msika, musamkoke dzanja nimumkalipira kuti ndi waulesi. Mlekeni apume, koma kamuuzeni dotolo kuti mwana amacita zimenezi. Ndipo khanda la cilemaci likabiriwira mwadzidzidzi polira kapena pambuyo posamba, lipindeni mawondo afike pacifuwa, litonthozeni, nimuthamangire nalo ku cipatala.

Kale madotolo naonso anali kuletsa ana otere masewera onse, cifukwa analibe makina oonera m'kati mwa mtima ndipo kuletsa kunaoneka kuti ndiyo njira yopanda ngozi. Maganizo amenewo anasintha. Mu 2013 bungwe la akatswiri a mtima ku America, la American Heart Association, linalengeza kuti ana ndi akulu ambiri obadwa ndi bvuto la mtima ayenera kulimbikitsidwa kugwiritsa nchito matupi ao tsiku ndi tsiku, ndi kuti ofunika kuletsedwa kwenikweni ndi ocepa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azisewera kapena kuyenda mwamphamvu pafupifupi mphindi 60 pa tsiku. Muyeso umenewu si lamulo loti mwana wodwala aufikire mawa lomwe, koma uonetsa kumene tiyenera kulunjika.

Tisamvane molakwa. Sitikunena kuti werengani tsamba lino nimutulutse mwana kukathamanga. Alipo ana amene kuthamanga kwambiri kungawaphe: amene njira yotulutsa magazi mu mtima ndi yopapatiza kwambiri, amene magazi akuthamanga mopanikizika m'mitsempha ya m'mapapo, amene mtima wao umagunda mosokonezeka, ndi amene mnofu wa mtima wao wafooka. Maso a kholo sangathe kuwasiyanitsa ndi anzao. Cimene cimasiyanitsa ndi kupima, makamaka ndi makina a eko amene amaonetsa zipinda za mtima zikugwira nchito. Njira yake ndi yodziwika: kuyambira ku kiliniki ya kwanu, kupita ku Kafue General Hospital, ndipo akaona kuti n'kofunika amakutumizani ku Lusaka, ku cipatala ca ana ca UTH kapena ku National Heart Hospital kumene tsopano ana amacitidwa opaleshoni ya mtima m'dziko mwathu momwe muno. Bungwe la Save a Child's Heart la ku Israel lathandizanso ana a ku Zambia ndi kuphunzitsa madotolo athu. Kwa ife a ku Kafue ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 45, ulendo wa kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Abale athu a ku Lundazi kapena ku Chama amagona panjira kuti afike pa khomo lomwelo.

Cimene timaona n'cakuti makolo ambiri amafika pamaso pa dotolo, nafunsa za mankhwala ndi za tsiku la opaleshoni, naiwala kufunsa za masewera. Dotolo nayenso, mzere uli wautali panja, amangoti, "Asamatope kwambiri." Mau amenewa akafika kunyumba amasanduka "asacite kanthu." Musacoke m'cipindamo musanamve bwino. Funsani kuti: kodi angathamange ndi anzake? Angacite nao masewera a ku sukulu? N'ciani ceniceni cimene sayenera kucita? Pemphani kuti yankho lilembedwe pa khadi, kuti atate, ambuya ndi aphunzitsi awerenge mau amodzimodzi. Pemphaninso kalata yokaonana ndi a physiotherapy. Anthu amenewa, ophunzitsidwa ku Evelyn Hone College, ku University of Zambia ndi kwina, ambiri timawadziwa monga othandiza othyoka miyendo ndi ofa ziwalo, koma kulimbitsa mwana wa mtima ndi nchito yaonso. Ali ndi njira yapafupi yoyesera mphamvu ya mwana wamkulupo: amamuyendetsa kwa mphindi 6 pa malo osalala nayesa mtunda umene wayenda, ndipo pakapita miyezi amayesanso kuti aone ngati wapita patsogolo.

Tiyambe ndi makanda, pakuti m'mera mpoyamba. Khanda la bvuto lalikulu la mtima, nchito yake yolemetsa ndi kuyamwa. Limayamwa pang'ono, lituluka thukuta pamphumi, lileka, ligona. Lotere liyamwitsidwe pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo sikelo yake isaphonyedwe, cifukwa mwana wosakwera sikelo alibe mphamvu yophunzirira kukhala ndi kukwawa. Ana amenewa amacedwa kulimba khosi, kukhala ndi kuyenda, makamaka aja anagona nthawi yaitali m'cipatala. Ana ambiri amakhala okha asanapitirire miyezi 9 ndipo amayenda okha asanapitirire miyezi 18. Wanu akatsalira, nenani ku kiliniki msanga, musadikire kuti adzayenda nthawi yake ikakwana.

Mbereko ndi cuma cathu, ndipo mwana wodwala amapezamo mtendere umene mankhwala sapatsa. Koma kumsana mwana saphunzira kudzutsa mutu ndi manja ake, kapena kugubuduka. Tsiku lililonse, ali maso ndipo inu muli pomwepo, mgonekeni cafufumimba pa citenje coyera. WHO imanena za mphindi 30 pa tsiku kwa makanda amene sanayambe kukwawa, koma osati nthawi imodzi. Kwa mwana wofooka yambani ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, kangapo pa tsiku, pakapita nthawi atayamwa. Akakana pansi, gonani cagada inu amai kapena inu atate, nimumuike pacifuwa panu. Adzadzutsa mutu kuti aone nkhope yanu, ndipo imeneyo ndiyo nchito tikuifunayo. Ikani kapu ya pulasitiki kapena cisekese patali pang'ono kuti ayese kucifikira. Akafuna kugona tulo, mtembenuzeni agone cagada.

Mwana wocitidwa opaleshoni yotsegula cifuwa ali ndi malamulo ake kwa masabata 6 mpaka 8, pamene fupa la pacifuwa likulumikizana. Musamnyamule pomgwira m'khwapa kapena kumkoka manja. Ikani dzanja lina kunsi kwa matako, lina kumsana ndi kumutu. Funsani dotolo tsiku limene angayambenso kugona cafufumimba ndi kuberekedwa. Wamkulupo asakwere njinga kapena mtengo, asanyamule zolemera. Koma kuyenda amayamba ali m'wodi momwemo, ndipo masabatawo akatha, dotolo nabvomereza, malamulowo athenso. Tikudziwa mabanja amene amasungabe malamulo a masabata 6 patapita zaka 6, cipsera cinapola kalekale.

Kwa ana a msinkhu wa sukulu, mankhwala oyamba ndi kuyenda. Yambani ndi mtunda umene mwana amaukwanitsa bwino, kaya ndi kucoka pakhomo kufika pa mpopi, nimuziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Muyeso wake suli wofuna makina: yendani naye mukuceza. Ngati akupuma mofulumira koma akutha kukuyankhani ndi ciganizo cathunthu, ali bwino. Ngati mau akudukaduka, mwafulumira. Cepetsani kapena imani. Ndipo masewera athu akale ali ndi ubwino umene aphunzitsi a masewera amaufunafuna, wakuti mwana amathamanga pang'ono napuma. Cidunu ciri ndi kuthamanga ndi kubisala. Waida ali ndi kulumpha ndi kudikira nthawi yako. Ciyato cimalimbitsa manja ndi maso a mwana amene sangathe kuthamanga. Woyendetsa galimoto ya mawaya amayenda makilomita osazindikira. Ngakhale cimpombwa ca pa bwalo la fumbi cimalola mwana kuima pa golo mpaka befu litatha.

Coopsa si masewera koma mpikisano ndi manyazi. Mwana wosewera ndi anzake amaima akatopa. Mwana amene akuthamangira nyumba yake pa tsiku la masewera a sukulu, mphunzitsi akukuwa, atsikana akuomba m'manja, saima. Ndiponso cilango cothamanga kuzungulira bwalo kapena kukumba dzenje dzuwa liri pamutu si ca mwana wotere. N'cifukwa cake mphunzitsi ayenera kuona khadi ija, kuti adziwe zonse ziwiri: kuti mwanayu asakakamizidwe, ndi kuti asasiyidwe m'kalasi kulonda mabuku a anzake. Mwana wolonda mabuku amaphunzira msanga kuti iye si munthu wathunthu, ndipo phunziro limeneli limabvuta kufafaniza koposa cipsera ca pacifuwa. Ku parishi n'cimodzimodzi. Mtsikana amene dotolo wamlola kusewera angathe kubvina ndi a Stella, napuma pakati pa nyimbo. Mnyamata angathe kutumikira pa guwa. A mphakati akamayendera banja lotere, abwere ndi ana ao kuti asewere ndi wodwalayo, m'malo mobwera akulu okhaokha kudzakhala mozungulira mwana ngati pa maliro.

Pali zinthu za kuno kwathu zimene mabuku a ku Ulaya sazichula. Coyamba ndi katundu. Kusenza cigubu ca malita 20 kapena thumba la makala kumacititsa munthu kugwira mpweya ndi kukankha ndi cifuwa, ndipo zimenezi zimapanikiza mtima mwadzidzidzi mosiyana ndi kuyenda. Mtumeni mwanayo, inde, asese, atsuke mbale, akagule mcere, athirire ndiwo ndi kabekete kakang'ono, koma zolemera zisiyireni ena kufikira dotolo atanena. Caciwiri ndi dzuwa. Kutentha kwa Okutobala muno m'cigwa tonse tikudziwa. Mwana wobiriwira magazi ake amakhala olimba kale, cifukwa thupi limacurukitsa magazi ofiira pofuna kugwira mpweya wambiri. Akatha madzi m'thupi amalimbiratu, ndipo angaundane. Asewere m'mawa ndi madzulo, amwe madzi asanamve ludzu, ndipo akatsegula m'mimba kapena kutentha thupi, masewera aime ndipo apite ku kiliniki tsiku lomwelo. Cacitatu ndi mtsinje. Kusambira n'kwabwino pa malo otetezedwa pali wamkulu woyang'anira, koma mu Kafue muli ng'ona, mvuu ndi likodzo, ndipo mwana amene pamtunda akanangokomoka nadzuka, m'madzi kapena m'bwato sadzuka.

Mwana amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, apewe masewera ogundana ndi ogwetsana, pakuti akabvulala magazi sasiya msanga, ndipo kugunda mutu kungacititse magazi kukha m'kati. Woikidwa kacipangizo kowongolera kugunda kwa mtima apewe kumenyedwa pamalo pamene kali.

Phunzitsani mwana, ndi abale ake omwe amasewera naye, zizindikiro zoimitsa masewera nthawi yomweyo: kupweteka pacifuwa, cizungulire, mtima kugunda mothamanga kapena molumphalumpha, kubiriwira koposa masiku onse, ndi befu losatha ngakhale wapuma kwa mphindi zingapo. Akakomoka ali pakati pothamanga, musanene kuti ndi njala kapena dzuwa. Apite ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo asathamangenso kufikira atapimidwa.

Pa masamba a kumapeto a kabuku ka sukulu, lembani sabata iliyonse mtunda umene mwana wayenda, kangati anaima kuti apume, ndi masewera amene anacita. Kwa khanda lembani tsiku limene linadzutsa mutu, linagubuduka, linakhala lokha. Mwana amene mwezi watha anali kufika ku sukulu osapuma koma tsopano akuima kawiri panjira akukuuzani kanthu kamene makina a eko adzatsimikiza pambuyo pake, ndipo musadikire tsiku lolembedwa pa khadi kuti mubwerere naye. Popita ku Lusaka tengani kabukuko pamodzi ndi khadi ya sikelo ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, nimukaike pa tebulo la dotolo asanayambe kulemba.